Choko pa Tayala Lakutsogolo

A Mazira anali ndi pikapu imodzi ndi mwana wamkazi mmodzi, ndipo anthu a pakamwa poipa ankati pa ziwirizo chosamalidwa kwambiri chinali pikapu. Dzina lakuti Mazira linachokera ku ntchito yawo. M'mawa uliwonse ankapita ku mafamu a nkhuku kunja kwa tawuni, kusanja matileyi a mazira kumbuyo, n'kumagawa m'magolosale. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pikapu yoyera ija inali isanadulidwepo, isanawotchereredwepo, ndipo chiwongolero chake chinali chisanagwidwepo ndi dzanja la munthu wina. Ngakhale mayi akunyumba ankangokhala mpando wapambali, manja ali pamiyendo.

Vuto linabwera ndi mvula. Malole a mchenga anakumba msewu wa ku mafamu n'kusiya tinjira tiwiri takuya, pakati pake mtumbira wautali ngati mzere wa mbatata. Pikapu ikalowamo, difu, chimphika chachitsulo chija cha pakati pa matayala akumbuyo, inkagunda pansi kuti gu, matileyi n'kudumpha. Lachitatu lina a Mazira anafika m'tawuni kumbuyo kuli chikasu chokhachokha, ntchentche zikuwaperekeza. Anatsuka pikapu, ndipo atamaliza anati matayala akule basi.

Nkhaniyi inapeza alamu awo, mlongo wa mayi akunyumba, ali pakhonde. Amenewo ndiye odziwa zonse, munthu woti akhoza kuphunzitsa dokotala kubaya jakisoni.

"Alamu, musavutike," anatero. "Ikani zimatayala zija zokhala ndi mano, mukweze thupi la galimoto, madigadi, zitsulo zophimba matayala zija, tidule pang'ono kuti zilowe. Ndikudziwa wowotcherera wina, theka la ola wamaliza."

A Mazira anamva ngati akunena zodula khutu lawo. "Pikapu yanga sidulidwa, alamu."

Mwana wawo anali pomwepo akuchapa ovolosi m'beseni. Ankamutcha Kasipanala kuyambira ali wamng'ono, chifukwa bambo ake akalowa pansi pa galimoto iye ndiye ankawapatsira zida. Anakaphunzira umakaniko zaka ziwiri, amalume akewo akuti ndi kutaya nthawi, ndipo tsopano ankagwira ntchito pa galaja ya pafupi ndi msika. Koma ntchito yake yanji? Eni magalimoto akafika n'kumupeza, ankayang'ana kumbuyo kwake n'kufunsa kuti makaniko ali kuti. Iye n'kumangotsuka mabawuti m'palafini tsiku lonse. Chopweteka kwambiri chinali chakuti bambo ake enieniwo pikapu ankakaisiyabe kwa makaniko wawo wakale, ndipo anthu ankaziwona. Dalaivala wina wa minibasi anachita kunena poyera kuti ngati omubereka samupatsa galimoto, iye apereke yake chifukwa chiyani. Mawu amenewo anafika kwa a Mazira, ndipo anawakhala pamtima ngati mwala.

Kasipanala anapukuta manja. "Ababa, kukweza thupi sikukweza difu. Difu imakwera ndi tayala basi. Ndipo lilipo tayala lalikulu loti lilowe popanda kudula kalikonse. Ndipatseni Loweruka limodzi."

"Imva mwanayu," anaseka amalume. "Sukulu ya zaka ziwiri akufuna kuphunzitsa ife amene tinayamba kuwona magalimoto iye asanabadwe."

"Kuwona, alamu, munawonadi," anatero a Mazira, n'kutembenukira kwa mwana wawo. "Loweruka, mama. Koma madigadi anga akakandika, tidzayambana."

Loweruka m'mawa anafika kwa wamatayala, pabwalo la simenti lakuda ndi mafuta, matayala ataunjikidwa mpaka kudenga. Mbiri inali itawatsogolera. Amakaniko a ku galaja anabwera, dalaivala wa minibasi uja anaimika galimoto yake pambali, ndipo amalume anali atakhala kale pa tayala lomwe ankalifuna, chinthu chachikulu ngati cha thirakitala. Onsewo sanabwere kudzagula kanthu. Anabwera kudzawona ngati mwana wa a Mazira angaithe ntchito.

Kasipanala sanayang'ane munthu. Anatulutsa tepi, n'kuyeza kuchokera pakati pa gudumu mpaka m'mphepete mwa madigadi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anapempha bambo ake kuti apinde chiwongolero mpaka kumapeto, uku ndi uku, iye atalowetsa mutu m'kati akuwerenga zala zotsala pakati pa tayala ndi chitsulo. Anakwawa pansi kukayeza malo a sipeya, chifukwa tayala lalikulu loti likanike kulowa pamalo pake ndiye kuti likhala kumbuyo, pamalo pa mazira. Izi a Mazira anali asanaziganizeko n'komwe, ndipo anatsokomola kuti anthu asawone kumwetulira kwawo.

Kasipanala anangogubuduza chimtayala cha amalume n'kuchiimika pambali pa pikapu. Chinali kupitirira madigadi ndi chikhatho chathunthu, ndipo panalibenso chonena. Iye anasankha lina, lalitali kuposa akale ndi zala zitatu, lonenepa bwino, lokongola. Wamatayala ndi iye anavula akale n'kuveka atsopano onse anayi, ndipo atatsitsa jeke pikapu inaima ngati munthu amene wagula nsapato zatsopano.

"Zatheka," anatero wamatayala. "Zalowa popanda vuto."

"Zalowa galimoto itaima, ilibe katundu," anayankha Kasipanala. "Ku mafamu siipita itaima."

Anatulutsa choko m'thumba, choko wamba cha kusukulu, n'kupaka m'kati mwa madigadi onse anayi mpaka munayera. Anafotokoza kuti tayala likakhudza penapake, choko chitsalira pa tayalalo. Kenako anapempha anthu kuti akwere kumbuyo m'malo mwa katundu, masipuling'i atsike monga amatsikira pa ntchito. Amakaniko anakwera akuseka, dalaivala wa minibasi nayenso anakwera.

"Alamu, kwerani," anatero a Mazira. "Inu nokha ndi matileyi makumi asanu."

Amalume anakwera akung'ung'udza, pikapu n'kuti khwa kumbuyo. A Mazira anayendetsa monga mwana wawo anawauzira. Anapinda chiwongolero mpaka kumapeto, kulowetsa tayala limodzi m'ngalande ya pakhomo pa bwalo, kutuluka, kubwerera chambuyo, kupindira mbali ina, kulowetsanso. Kumbuyo anthu ankagundana mapewa n'kumakuwa ngati ana. Palibe chimene chinalira, palibe chimene chinakhula choti khutu limve.

Ataimitsa, Kasipanala anayamba kuyendera matayala, anthu akumutsata. Lakumbuyo loyamba linali lakuda bii. Lachiwiri chimodzimodzi. Lakutsogolo la mbali ya pasenjala nalonso linalibe kanthu, ndipo anthu anayamba kuwomba m'manja. Amakaniko anzake ankamugwira paphewa. Ngakhale amalume anati mwina mwanayu akudziwako pang'ono.

Koma a Mazira potsika anali atawona kale. Chiwongolero anachisiya chopinda, ndipo pa tayala la mbali yawo, m'mphepete mwa m'kati, panali kamzere koyera kotalika ngati chikhadabo. Akanena, ndiye kuti achititsa manyazi mwana wawo pamaso pa anthu omwe aja amamuseka. Akakhala chete, tayala lizidya chitsulo cha pikapu yawo pang'onopang'ono. Khoswe anali atakhala pamkhate. Anaima pambali pa chitseko, makiyi ali m'manja.

Kasipanala anafika pa tayala lomalizalo yekha, anthu atatsalira mbali ina akuseka ndi amalume. Anagwada, msana wake n'kubisa zonse. Bambo ake okha ndi amene ankawona dzanja lake. Analiwona likufika pa kamzere kaja, chala chachikulu chitaima pamwamba pake. Kupukuta kamodzi kokha kukanakwana, ndipo tsikulo likanakhala lake. A Mazira anachita mantha enieni, osati chifukwa cha madigadi ayi. Ankawopa kuti adziwa lero mtundu wa munthu amene analera.

Kasipanala anachotsa chala n'kuimirira. "Lakhudza," anatero mokweza. "Bwerani muwone. Ndalakwitsa kunenepa kwake."

Anthu anabwera kudzasuzumira, ena mpaka kutsinzinira diso limodzi kuti akawone kamzereko.

"Kameneka?" anatero wamatayala. "Achemwali, aka si kanthu. Anthu amayenda nazo zoposa apa."

"Lero ndi choko, akalowa m'matope chikhala chitsulo," anayankha iye. "Tivule onse."

"Ndinanena ine," anayamba amalume. "Kungodula pang'ono pomwepo, nkhani yatha."

"Malume, pikapu iyi sidulidwa. Tayala ndi limene lisinthe."

Anabwerera ku mulu wa matayala n'kutulutsa lina, lalitali chimodzimodzi koma lowonda ndi chala chimodzi. Difu ikwera mofanana, anatero, koma popinda lisiya mpata. Wamatayala anadandaula za msana wake, komabe anatenga zida. Dzuwa linali litafika pamutu. Kasipanala anamasula mabawuti onse amene anamanga m'mawa, thukuta likutsika m'khosi, ovolosi itamatirira kumsana. Ena mwa owonerera anatopa n'kumapita. A Mazira sanakhale pansi. Anaima pomwepo akumupatsira sipanala, monga iye ankachitira ali mwana.

Atamaliza, Kasipanala anapakanso choko, otsala aja anakweranso, amalume osadikira kuitanidwa. A Mazira analowa m'ngalande mwamphamvu kuposa poyamba, mwadala, kanayi konse. Potsika sanayang'ane tayala, anayang'ana mwana wawo. Iye anayendera onse anayi, akudutsitsa chikhatho m'mphepete mwa lililonse n'kuwonetsa anthu. Chikhatho chinali chakuda ndi fumbi la labala, choko ayi. Sipeya nayo inalowa pamalo pake ngati inabadwira pomwepo.

Nthawi ino anthu sanawombe m'manja kwambiri. Dalaivala wa minibasi anangokanda m'mutu n'kusendera pafupi. "Achemwali, yangayi ikumalira kutsogolo ndikamakhota. Lolemba mudzakhalapo pa galaja?"

"Ndimakhalapo tsiku lililonse," anatero Kasipanala. "Mumandidutsa."

A Mazira anasowa poyang'ana. Ananyada, kunyada kwenikweni kochititsa manyazi munthu wamkulu pagulu. Anadikira kuti mwana wawo asambe m'manja pa mpopi, kenako anamuitanira pambali.

"Kamzere kaja ndinakawona usanafike," anatero motsitsa mawu.

"Ndikudziwa, ababa. Nkhope yanu inali ngati mwaswa tileyi."

"Ukanapukuta, sindikananena kanthu."

"N'chifukwa chake sindinapukute."

A Mazira anagwedeza mutu. Anayang'ana makiyi m'dzanja lawo, aja a kachingwe kachikopa kothetheka ndi zaka, n'kuwaika m'chikhatho chonyowa cha mwana wawo. Anazungulira kutsogolo kwa pikapu, natsegula chitseko cha pasenjala, mbali yomwe anali asanakhaleko chiigulireni.

"Alamu, mukudwala?" anafunsa amalume ali kumbuyo.

"Gwirani zolimba, alamu. Tikukayesa msewu wa ku mafamu."

Kasipanala anasendeza mpando kutsogolo, chifukwa miyendo yake inali yaifupi, n'kuliza injini. A Mazira anakhala pambali, manja ali pamiyendo ngati mayi akunyumba. Atafika pa mtumbira uja anagwira mpweya kudikira kuti gu, koma pikapu inadutsa pamwamba pake osakhudza. Anatsitsa galasi, natulutsa chigongono panja, n'kumaimika dzanja kwa aliyense amene ankakumana naye, kuti asadutse munthu osawona amene akuyendetsa.