Yankho la ku Rumphi

Flexon anali munthu wosalola kusankhiridwa ngakhale tomato pamsika wa Bangwe. Koma tsiku limenelo anali gone m'chipatala, mutu uli bandeji yokhayokha, atagundidwa ndi lole pa Maselema.

Dokotala anakhazika mkazi wa Flexon, Thandie, pabenchi.

"Mayi, ubongo watupa. Pali mankhwala amene tikuwayesa pa kafukufuku. Mwina angathandize, mwina angawononge impso, ifenso sitikudziwa. Mukakana tiwasamalirabe bwinobwino. Koma dzuwa likalowa, nthawi yowapatsira ikhala itadutsa. Bambowa sangayankhe, ndiye tikufunsa inu."

Thandie anagwidwa ndi mantha. Zaka zonsezi ankakangana ndi mwamuna wakeyu za mchere, za mpira, za mtundu wa makatani, koma za kuyeseredwa mankhwala sanakambiranepo.

Anatenga cholembera kuti asaine. Chigomezgo, mng'ono wake wa Flexon, anamugwira mkono.

"Alamu, mutu umodzi susenza denga. Kwathu nkhani ya moyo wa munthu amagamula ndi adada. Mukasaina, zinthu n'kuvuta, pamaliro adzati munamupereka kuti azungu aphunzirirepo. Mudzayankha chiyani?"

Sankalankhula mwankhanza. Thandie anabweza cholemberacho.

Anaimba foni ku Rumphi, kwa apongozi ake. Foni ya mkuluyo inali pa tchaji kugolosale, mwini wake ali kumunda wa fodya. Anaimbanso, n'kuimbanso, mpaka wagolosale uja anatopa nawo.

Thandie anapita pabedi n'kunong'oneza. "A Flexon, inu simusowa chonena. Ngati mukuwafuna mankhwalawa, finyani dzanja langa." Dzanja linali lofunda, koma silinafinye. Mtima unamuwawa, ndipo anamukwiyira pang'ono munthu wamakaniyu pokhala chete tsiku lokhalo limene makani ake ankafunika.

Dokotala anabweranso, anamuyang'ana, sanamukakamize. Dzuwa linatsikira kuseri kwa Michiru. Namwino ananyamula kabotolo ka mankhwala aja n'kukabwezera mufiriji.

Foni inalira magetsi a muwodi atayatsidwa kale. Chigomezgo anafotokoza zonse m'Chitumbuka, kenako nkhope inamugwa, napereka foniyo kwa mlamu wake.

"Mwana wanga," anatero mkulu uja, mawu ali wefuwefu, "mumandifuniranji ine wa kumunda? Flexon amamudziwa ndi inu. Chimene mwasankha, nanenso ndavomera. Mwasankha chiyani?"

Thandie anayang'ana dzanja lija, lili pomwe analisiya.

"Sindinasankhe, adada. Ndimadikira inu."