Dzanja la a Tiberiu Litakana Kutsika

Mumzinda wonse wa Iași munalibe mayi wa mawu okoma ngati a Ruxandra, ndipo ngakhale mutafika ku Viena simungampeze wina. Lamulungu lija masana ankayimba muholo yaikulu nyimbo yatsopano, ndakatulo zachifalansa zonena za tulo ndi maloto, kumbuyo kwawo kuli chigulu cha mavayolini, malipenga ndi ng'oma. Wotsogolera gululo ndi kandodo anali amuna awo, a Tiberiu, nkhalamba imene mabwana a holoyo ankangoisakira chifukwa choti aipumitse ntchito.

Nyimbo inatha pang'onopang'ono, mawu akuzimirira ngati utsi. Mwambo wake ngwakuti munthu sawomba m'manja wotsogolera asanatsitse dzanja. Dzanja la a Tiberiu linali m'mwamba. Anthu anadikira, ena atatsinzina ndi kukoma. Anadikirabe. Dzanja osatsika.

A Ruxandra anayang'ana cham'mbali. Mlomo wam'munsi wa amuna awo unali lende. Ankaudziwa bwino mlomo umenewu: ukatero ndiye kuti mkonono wayandikira. Mabwana aja anali pamzere woyamba penipeni.

"Bambo inu," ananong'ona, uku akumwetulira anthu. "Tsitsani dzanjalo."

Dzanja linakhalabe m'mwamba.

"Agona eti?" ananong'ona a Costache, mkulu wa mavayolini, uta wawo ukunjenjemera m'malere, poti nawonso saloledwa kutsitsa. "Mayi, mwawadyetsa chiyani masanawa?"

"Masarmale basi, nyama yokulunga m'masamba a kabichi ija, ndi kavinyo pang'ono."

"Pang'ono panupo timapadziwa. Adzutseni, mkono wanga ukuthothoka!"

"Khalani chete inu, dazi lanulo likundithobwa m'maso."

Mphuno ya a Tiberiu inayamba kuliza kamluzu. A Ruxandra anasendera ngati akukonza diresi, nkukweza phazi pakabokosi kamene amuna awo anaimapo, nkuwaponda chala ndi chidendene cha nsapato chosongoka ngati msomali.

A Tiberiu anadzidzimuka, dzanja nkutsika mwamphamvu. Tsono anthu amenewa anaphunzitsidwa kuyambira ali ana kuti kandodo kakatsika chotero umayimba kaye, mafunso pambuyo. Malipenga anabangula. Wang'oma anaswa. Wa mbale zamkuwa anaziwombanitsa mpaka gogo wina kumbuyo anakuwa dzina la malemu amuna ake. A Tiberiu, posadziwa kuti afika pati, anabweza masamba onse nkuyambitsanso nyimbo pachiyambi, nkhope ili gwaa ngati anakonza dala.

Pamzere woyamba bwana wamkulu anatsamira kwa mnzake. "Mwaona ukatswiri?" anatero, mawu ake akumveka mpaka kutsogolo. "Tulo, kudzidzimuka, kenako tulo kachiwiri! Achinyamata angaganize zimenezi? Ameneyu asapume."

A Ruxandra anamva zonse. Anakoka mpweya nkuyimbanso ndakatulo zija kuyambira mzere woyamba, mokoma kuposa poyamba paja, maso ali kumwamba ngati akulota, phazi lili pakabokosi pompaja.