A Sikweya ndi Fulati ya Aphunzitsi

Munthu ukakhala pampando wa a Sikweya kuti akumete, unkadzukapo ndi mutu wosalala komanso mtengo wa nyumba mumzinda woti sudzapondako mpaka kufa.

Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala. Anali ndi kafoni kong'aluka pakona, ndipo mashini ometera akangopuma, iwo ali pafonipo kufufuza mitengo ya mafulati m'mizinda ya dziko lonse lapansi. Anzawo ankatsata mpira, iwo ankatsata sikweya mita. Poti ndalama za maiko n'zosiyana ndipo zimazunguza mutu, anali ndi muyeso wawowawo: mtengo uliwonse ankausandutsa mitu ya anthu oti awamete.

"Weramani pang'ono, achimwene. Mukuudziwa mzinda uja wa pachilumba, kumene anthu amagona mosanjikizana ngati mbale? Kumeneko mita imodzi ndi mitu zikwi zisanu. Imodzi yokha! Pongokwana mpando uno. Koma mukapita dziko lina lija la mapiri, mitu zikwi zisanu zomwezo mupeza chipinda chathunthu, zenera lake loyang'ana kumtsinje."

"Nanga inuyo munagula kuti?" wina ankafunsa ali pabenchi.

"Ine ndikudikira msika ukhazikike," ankayankha choncho, n'kuyatsa mashini kuti phokoso litseke nkhaniyo.

Msikawo anaudikira zaka makumi awiri ndi chimodzi, ali pa lendi m'zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya utoto. Ana awo awiri anakulira momwemo mpaka kuchoka, zovala zawo zikununkha penti.

Loweruka lina m'mawa akazi awo analowa m'shopumo atavala yunifolomu. Anali namwino wa kuchipinda cha ana, munthu wozolowera kuti akanena kuti tsegula pakamwa, pakamwa pamatsegukadi.

"Abambo, malizani mutu umenewo mutseke. Tikukaona nyumba."

"Nyumba yanji, amayi?"

"Yogula. Puloti ija anandisiyira malemu bambo yagulidwa, ndaphatikiza ndi zimene takhala tikusunga. Zikukwana. Ejenti wogulitsa nyumbayo akutidikira."

"Koma nthawi ino si yabwino. Mukayerekeza ndi mizinda ina ya msinkhu ngati wathu uno..."

"Ine sindigona m'mizinda ina. Valani jekete."

Amuna a pabenchi anayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. A Sikweya anakutumula nsalu, napachika mashini pamsomali, n'kuvala jekete.

Fulatiyo inali pansanjika yachitatu, mu mdadada wakale pafupi ndi siteshoni ya basi. Pakhomo anakumana ndi ejenti, bambo wa suti yothina ndi mafungulo ambiri ngati woyang'anira ndende. Ankalankhula akukwera masitepe, osapuma.

"Zipinda zogona ziwiri, khonde, madzi sadukaduka, oyandikana nawo ndi anthu opemphera. Ena atatu akuifuna, koma ine ndakukondani inuyo."

Mwini nyumbayo anali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito. Theka la katundu wake linali kale m'makatoni, ndipo katoni iliyonse inali ndi nambala. Anawalandira bwino, nawathirira tiyi m'makapu atatu osiyana, poti ofanana anali atalongedzedwa.

A Sikweya anazungulira nyumbayo manja ali kumbuyo. Mumtima anavomera kuti inali yabwino. Dzuwa linkalowa mpaka kukhitchini. Anawerenga matailosi a pansi, nachulukitsa chamumtima: mamita makumi asanu ndi limodzi, mita iliyonse mitu mazana atatu. Sunali mtengo woipa, ngakhale sakananena zimenezo pamaso pa ejenti. Akazi awo anali ataima pakhonde, akuyeza ndi mikono poti n'kumangapo chingwe choyanikira zovala. Anali asanawaonepo akumwetulira choncho chichokereni ana pakhomo.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma a Sikweya anakhala pansi, natenga tiyi, pakamwa n'kuyamba kuyabwa.

"Nanga aphunzitsi, nyumba yabwino chonchi mukuisiyiranji?"

"Ndikutsatira mwana wanga wamkazi kunja. Ali ndi ana awiri, ndikufuna andidziwe ndisanakalambe zenizeni." Anatchula mzindawo. "Koma kukakhala m'nyumba ya mkamwini ayi. Ndikagula kafulati kanga pafupi nawo. Ndalama ya nyumba ino ndi imeneyo."

A Sikweya anaika kapu pansi. Mzinda umenewo ankaudziwa ngati chikhatho chawo.

"Kumene kuja? Ndi ndalama imeneyi? Aaa, pepani aphunzitsi. Kumeneko mita imodzi ndi mitu zikwi zitatu."

"Mitu?"

"Ndimameta, mayi. Ndikutanthauza kuti mtengo wa kumeneko ndi wa kuno kuchulukitsa kakhumi. Nyumba yonse ino, kumeneko mupeza mamita asanu ndi imodzi. Poimika galimoto. Ndiye kagalimoto kake kakhale kakang'ono."

Ejenti anatsokomola. Akazi awo anawaponda phazi kunsi kwa tebulo, koma a Sikweya anangolisuntha phazilo, poganiza kuti laphinga. Anatulutsa foni, naonetsa aphunzitsi zithunzi: kachipinda kokhala ndi bedi pamwamba pa sinki, kena kopanda zenera, mitengo ili pansi pake. Zaka zonsezi anali asanapezepo munthu womvetsera ngati ameneyu. Mayiyo anavala magalasi, natenga pensulo, n'kuwerengera kuseri kwa envelopu. Anabwereza kachiwiri. Kenako anavula magalasi aja.

"Mwana wanga amangoti bwerani amayi, tidzaona konkuno. Kani n'chifukwa chake." Anayang'ana makatoni ake. "Zikomo bambo, mwanditsegula m'maso. Nyumba ino sindigulitsa."

Ejenti anatsogola kutsika masitepe. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Bambo, ine ntchito ino ndaigwira zaka khumi. Ndaonapo ogula akunyoza denga, akunyoza mipope, akunamizira makoswe. Koma wogula wolangiza mwini nyumba kuti asagulitse, ndinu woyamba. Mulungu akudalitseni."

Mu basi akazi awo anakhala mpando wakutsogolo, iwo kumbuyo.

Kunyumba sikunamveke mkangano. Mayiwo anawaphikira, anawachapira, koma mawu anawamana. Lamulungu lonse ananena chiganizo chimodzi chokha, akupukuta mbale, osawayang'ana: "Anthu ena pakamwa pawo pakanakhala pa lendi, bwenzi atawatulutsa kalekale."

Lolemba kushopu nkhani inali itafika kale, poti ejenti uja ankametetsa kwa mnzawo wa tsidya lina la msewu.

"A Sikweya, tamva kuti mwapulumutsa nyumba m'manja mwa akazi anu!"

Iwo sanaseke. Chinkawapweteka si kusekedwako. Ankangoona mikono ija ikuyeza khonde. Ndipo pansi pa mtima ankadziwa chinthu china chimene sakanauza munthu: aphunzitsi atanena kuti sagulitsa, iwo anamva kupepukidwa. Kudziwa mitengo ya dziko lonse kunali kokoma chifukwa sikunkafuna kusaina pena paliponse. Akuganiza zimenezi, mashini analowa kwambiri m'mutu mwa dalaivala wina n'kusiya kanjira koyera kuchokera pakhutu mpaka pankhongo. Anachita kumumeta mpala, ulere.

Masana amenewo anatembenuza chikwangwani cha pachitseko, nakhala pampando wa makasitomala ndi foni, kope ndi bolopeni. Ulendo uno sanayang'ane mizinda ya pazilumba. Anatsegula mapu a mzinda wa mwana wa aphunzitsi uja n'kutsata njanji ndi chala, siteshoni ndi siteshoni. Mtengo unkatsika sitima ikamatalikira. Mphindi makumi atatu, mitu zikwi ziwiri. Ola limodzi, chikwi chimodzi ndi kanthu. Anafufuza masiku atatu, mpata uliwonse, mpaka maso kuwawa. Pa ola limodzi ndi theka anapeza katawuni kena komwe fakitale ya nsapato inatsekedwa, achinyamata n'kuthawira kumzinda. Kumeneko mita inali mitu mazana asanu.

Lachinayi anasita shati, nakwera masitepe aja yekha. Aphunzitsi anatsegula chitseko atagwira mpeni wodulira makatoni. Anali atamasula kale asanu ndi awiri.

"Mwabwera kudzandiuza kuti kumwamba nakonso kwadula?"

"Ayi mayi. Tsiku lija ndinakupatsani theka la yankho. Ndabweretsa theka linalo."

Anayala mapepala patebulo. Mafulati anayi, chipinda chogona chimodzi, onse pansi pa mtengo wa nyumba yawo. Ina inali moyang'anizana ndi laibulale. Sitima yopita kwa zidzukulu inkanyamuka ola lililonse.

Aphunzitsi anavala magalasi, natulutsa bolopeni yofiira m'kabati.

"Onetsani njira imene mwapezera yankho."

A Sikweya anatuluka thukuta ngati mwana wa sukulu. Anafotokoza za kusintha ndalama, za msonkho wa wogula, za ndalama ya mwezi ndi mwezi yosamalira mdadada. Mayiyo ankatsata mzere uliwonse ndi nsonga ya bolopeni. Pa tsamba lachiwiri anaima n'kuzunguliza nambala ina.

"Apa mwaiwala kunyamula imodzi."

"Pepani, aphunzitsi."

"Koma yankho silikusintha kwenikweni." Anaika bolopeni pansi. "Ola ndi theka. Ndi pafupi poti n'kukaona ana Loweruka lililonse."

"Ndipo ndi patali poti mkamwini sangangotulukira osaimba foni," anatero a Sikweya.

Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. Pomwepo anaimbira mwana wake pa vidiyo. Mwanayo anayankha ali kuntchito, atavala chijuzi chokhuthala, ndipo atamva dzina la katawuniko anadabwa.

"Amayi, kumeneko timapitako kukagula zipatso! Mwakudziwa bwanji?"

"Ndili ndi katswiri pano. Iweyo bwanji sunandiuze kuti kwanuko ndalama yanga ndi ya poimika galimoto?"

"Ndinkaopa kuti simubwera."

"Ukanandinamiza mpaka pabwalo la ndege? Pita ukaone nyumbazi Lamulungu. Uyambe ndi ya pa laibulale. Ukatsegule mipope yonse."

A Sikweya sanauze akazi awo kanthu, poopa kulonjeza mvula mitambo isanagwirane. Anapirira masiku ena anayi a chete. Lolemba madzulo, mayiwo akuchotsa nsapato za kuntchito, foni yawo inalira. Anali ejenti, mawu ake akumveka chipinda chonse.

"Mayi, nkhani yabwino! Ndagwira ntchito usana ndi usiku, ndawanyengerera aphunzitsi aja mpaka avomera. Koma akuti agulitsa kwa inu nokha, ndipo akuti mubwere ndi bambo aja a mitu. Ine ndinawalangiza kuti bambowo atsale, akana."

Mayiwo anadula foni, nayang'ana amuna awo nthawi yaitali.

"Munapitako?"

"Ndinangodutsako."

"Mwachita chiyani?"

"Masamu pang'ono. Ndinalakwitsa pamodzi pokha."

"Hmm." Analowa kukhitchini, ndipo ali komweko anafunsa, "Tiyi mumwa?"

Tsiku losaina, a Sikweya analemba mokhotakhota moti siginecha yawo inaoneka ngati ya munthu wina. Loya anawafunsa ngati ali bwinobwino. Akazi awo anayankha m'malo mwawo kuti ndi matenda a anthu ogula koyamba, amatha okha.

Anasamuka patatha mwezi ndi theka. Makasitomala anayi a pabenchi anabwera kudzathandiza, aliyense atalonjezedwa kumetedwa kawiri. Mabedi anakwera, firiji inakwera, makatoni a mbale anakwera. Sofa yaikulu ya pabalaza inafika pokhota pa nsanjika yoyamba n'kukana. Anaitembenuza chagada, anaiimika chilili, anachotsa miyendo, koma inangokakamira pakati pa khoma ndi chitsulo chogwirira, anthu awiri ali kumtunda, atatu kumunsi, ndipo mayi wina wa pansanjika yachiwiri akudikira ndi dengu lake kuti adutse.

"A Sikweya," anatero mmodzi akupuma mwawefuwefu, "masitepewa ndi mamita angati?"

"Sindinayeze."

"Inuyo? Simunayeze?"

Anaibweza pansi. Woyang'anira mdadada anabwereka zingwe ziwiri kwa omanga nyumba a pafupi, ndipo sofayo inakwera kunja kwa khoma, ikuzungulira pang'onopang'ono m'malere, anthu a pa siteshoni ya basi akuimba m'manja. A Sikweya anali pansi, akukuwa malangizo omwe palibe ankawamvera. Akazi awo anali pamwamba, atagwira chingwe limodzi ndi amuna atatu.

"Abambo!" anakuwa mayiwo. "Siyani kulankhula, kwerani mudzakoke!"

Anakwera masitepe awiriawiri, nagwira chingwe kumbuyo kwa akazi awo.