Pepala la Pamwamba pa Bedi

Kalipentala wina ankachita manyazi kutchula ntchito ya mlongo wake. Anthu akamufunsa ankangoti, "Ndi nesi," n'kusintha nkhani. Chonsecho mtsikanayo adaphunzira zaka zinayi ku yunivesite, natenga digiri yothandiza anthu ovutika kulankhula ndi kumeza. Akakumana kwa makolo, kalipentala ankamuseka. "Zaka zinayi zonsezo kuti uziuza akuluakulu kuti tulutsani lilime? Bola ukanaphunzira kubaya jakisoni."

Ndiye bambo awo adagwa ndi sitiroko, n'kugonekedwa pachipatala chomwecho pomwe mtsikanayo ankagwira ntchito. Pakamwa padapotoka, mawu osatuluka. Mtsikanayo adawapima yekha, zala pakhosi pawo, kenaka adamata pepala pamwamba pa bedi: asamwe madzi kapena tiyi wamba, zakumwa zizilimbitsidwa ndi ufa wa m'chitini, apatsidwe ndi supuni atakhala tsonga.

Masana a tsiku lachitatu kalipentala adabwera ndi fulasiki ya tiyi. Adasuzumira m'kapu ya madzi olimbitsidwa aja, nagwedeza mutu.

"Guluu uyu? Ine ndimamatira mipando zoterezi. Bambo, mwanayu akukuzunzani."

Bambowo maso anali pa fulasiki, milomo itauma. Kalipentala adamatula pepala lija, nalipinda n'kuliponya m'thumba la ovololo. Adawamwetsa ali chigonere. Bambowo adatsokomola pang'ono, misozi n'kulengeza, basi. Mawa lake kalipentala adateronso.

Tsiku lachisanu adawapeza thupi lili moto, akupuma mwabefu, chubu cha mpweya chili m'mphuno.

"Ndi chibayo," adatero dokotala. "Pali zomwe zikulowa m'mapapo. Nanga pepala la katswiri wathu lili kuti? Tamuitaneni, ine sindisintha kanthu asanawaone."

Mtsikanayo adafika. Ankalankhula, dokotala wa imvi uja akumvetsera, uku akulemba. Kalipentala adaima kumiyendo kwa bedi, dzanja m'thumba, pepala likunyowa ndi thukuta.

Dokotala atachoka, mtsikanayo adaloza dontho la tiyi pakolala ya bambo. Sadakweze mawu.

"Achimwene, makapu angati?"

"Iwe, anali ndi ludzu."

"Ndafunsa makapu angati."

"Anayi."

"Khosi lawo silikutseka njira ya mpweya. Madzi amathamanga, amalowa m'mapapo iwo asanameze. Guluu wanu uja amayenda pang'onopang'ono. Lilime mumaseka lija ndi limeneli."

Akanamutukwana zikanakhala bwino. Kalipentala adatulutsa pepala lija, naliwongola pabondo, n'kulimatanso pamalo pake. Lidakhala lokhota. Iye amene sapachika chitseko chokhota adalephera kuliwongola.

Padatha sabata yathunthu thupi lisanazizire. Masiku onsewo ankatseka shedi yake masana, n'kubwera kudzakhala pafupi ndi bedi, osayerekeza kukhudza ngakhale kapu. Bambo akamuyang'ana, iye ankayang'ana nsapato zake.

Tsiku lomwe adachotsa chubu, mlongo wake adamupatsa supuni.

"Akhalitseni tsonga. Chibwano pansi. Theka la supuni, osati ngati mukuthira simenti. Dikirani ameze kawiri."

Adachita zomwezo, akuwerenga chamumtima. Bambo adameza, osatsokomola.

Mayi wina amene ankadwazika mwamuna wake pabedi loyandikana adafunsa, "Kodi nesi ameneyu ndi mlongo wanu?"

"Si nesi, mayi," adatero kalipentala. "Ndi katswiri wa... wa..." Zaka zonsezi sadafunsepo. Adatembenukira kwa mlongo wake, nkhope ili pansi. "Chemwali, paja ntchito yako dzina lake n'chiyani?"

"Ndikuuzani," adatero mtsikanayo. "Koma yang'anani supuni, ikutayika."