Zipangizo Zotsekeredwa M'kabati

Mwana wa mayi wosoka zovala analephera mayeso a sayansi. Masiku atatu sanatuluke m'chipinda, nawo makina a mayi ake anangoti zii.

"Amayi, mayankho ndinali nawo m'mutu," mtsikanayo anatero potsiriza. "Koma oyang'anira mayeso anabwera ndi maikulosikopu n'kundiikira patsogolo, akuti ndione tizilombo ta m'dontho la madzi. Ine chibadwire ndinali ndisanaigwirepo. Ndinangoona mdima."

Bambo ake sanachulutse gaga m'diwa. "Abwereze kamodzi kokha. Akalepheranso, sukulu yathera pomwepo."

Mayiyo mtima unamuwawa zedi. Anakadandaula kwa neba wake, bambo wachikulire amene kale ankayeza magazi kuchipatala.

"Achemwali, zipangizotu pasukulupo zilipo," anatero nebayo. "Makatoni ake ndinatsitsa nawo ndi manja angawa zaka zinayi zapitazo. Safunsa anadya phula. Kafunseni pamsonkhano wa makolo, ndi ufulu wanu."

Tsiku la msonkhano mayiyo anaimirira. "Pepani aphunzitsi aakulu, kodi zipangizo za sayansi zija zili kuti?"

"Zimenezo n'zodula, mayi. Ana akaswa, mlandu ukhala wanga. Ndinazikhomera m'kabati kuti oyendera sukulu akabwera azipeze zili zonse."

Mwamwayi, mlangizi wa maphunziro analipo. "Tsegulani tione," anatero.

Kabati itatsegulidwa, fungo la chinyezi linangoti guu. Makatoni anali chimatire. Mwa mamaikulosikopu asanu, awiri magalasi ake anali atachita nkhungu, osaonanso kanthu. Mankhwala oyesera anali ataumira m'mabotolo. Mayiyo anagwira pakamwa. Chinthu chimene chinagwetsa mwana wake chinali kuseri kwa khoma la kalasi yake zaka zonsezo.

"Chipangizo chikasweka mwana akuphunzira si mlandu, mumangotidziwitsa," anatero mlangiziyo. "Mlandu ndi uwu tikuuona apawu."



Kuyambira sabata imeneyo, Lachitatu lililonse ana ankasinthana pa mamaikulosikopu atatu otsalawo, nebayo akuthandiza mphunzitsi wa sayansi kuwaonetsa kagwiridwe kake. Chaka chitatha, mtsikana uja anakhoza. Mayi ake anasangalala, koma chisoni sichinawathere, pakuti anzake a mwanayo asanu ndi awiri amene analephera naye limodzi sanabwererenso kusukulu.

Makolo, funsani zipangizo zimene sukulu ya ana anu inalandira, ndipo onetsetsani kuti ana akuzigwiritsa ntchito. Sayansi mwana amaiphunzira ndi manja ndi maso ake, osati pongokopera zapabolodi.