Cheniso ya Atate Ake Exildah

Tsiku lomwe amuna anga a Everisto anafika ndi cheniso kuchokera ku Lusaka, ine Thecla ndinadziwa kuti m'nyumba mwalowa mkazi mnzanga. Makina ochekera mitengo aja anawafukata pachifuwa njira yonse mpaka kuno ku Mburuma, koma shuga amene ndinawatuma anamuiwala m'basi. Chitenge changa chatsopano, chomwe ndinali ndisanachivale n'kamodzi komwe, ndicho chinakhala chofunda chake.

Ndiye kusamala kwake! M'mawa uliwonse ankakhala pansi pa mtengo wa masau n'kumatiphunzitsa ngati tawapempha. "Makina awa ali ndi mimba ziwiri," ankatero. "Iyi ndi ya petulo wosakaniza ndi oyilo wofiira. Iyo ndi ya oyilo wa tcheni. Ukasokoneza, wapha." Ankayeza oyiloyo ndi kabotolo kake, n'kuthira m'chigubu cha petulo, n'kukhutchumula mpaka mtundu ufanane. Kenaka tupa m'manja, dzino ndi dzino la tcheni, kwe-kwe-kwe, lilime lili panja. Ine ndikadandaula mutu amangoti imwani madzi.

Amene ankawamvetsera ndi mtima wonse anali mwana wathu woyamba, Exildah. Awiriwo akhala choncho kuyambira kale. Ali wamng'ono ankawalondola kumunda, kumbuzi, ngakhale kokonza njinga, ndipo tsopano, ali mtsikana woti akwatiwe sabata yomweyo, ankakhala nawo pamphasa n'kumawagwirira sipanala.

Ukwati unali wa Loweruka, kutchalitchi chathu cha kumsewu waukulu. Ansembe amabwerako mwa apo ndi apo, ndipo anali atanena poyera kuti dzuwa likafika pamutu anyamuka kupita kumidzi ina, kubweranso kwawo mvula itatha. Akuchimuna, abale ake a mkwati Jeff, anali atafika kale kutchalitchiko kuchokera ku Petauke. Mbuzi zinali zitaphedwa. Kuchedwa kunalibe malo.

Lachisanu amai anga a Arlete anafika kuchokera ku Zumbo, atawoloka pa bwato ndi nsomba zouma, korona m'khosi ndi botolo lawo la madzi odalitsa. Amai sayenda popanda botolo limenelo. Chilichonse chatsopano, kaya ndi poto kaya ndi mwana, sichiyamba ntchito asanachidalitse. Anadalitsa diresi ya mkwatibwi, nsapato zake, ngakhale sutikesi. Ine ndinali kumoto, sindinaone komwe anathera.

Loweruka m'mawa tinakwera tonse mu kanta, galimoto yonyamula katundu ya a Lawrence, yomwe inagona pamudzi. Exildah kutsogolo ndi ambuya ake a Arlete, ife kumbuyo ndi madengu, nyimbo ndi nthungululu. Titangotsetsereka pa chigwa china cha mchenga, kanta inaima chiriri. Njovu! Zinali zitagwetsa msangu waukulu, wagona chopingasa msewu wonse, ndowe zake zikadali kufuka nthunzi. Kumanzere chigwembe, kumanja miyala. Ngakhale ngolo sikanalambalala.

"Apa ndiye tagwa nazo," anatero a Lawrence. "Nkhwangwa zingathe mawa. Wapansi, ndi diresi iyi ndi okalamba awa, mukafika ansembe atapita."

Ine mtima unangoti phwa. Koma nditacheuka ndinaona amuna anga akumwetulira mpaka mano a kumbuyo. Kodi mukudziwa kuti munthu uja anali atakweza cheniso mu kanta, pansi pa dengu la mpunga, pamodzi ndi chigubu chake? Akuti ankaopa kuisiya yokha pamudzi. Tsiku lina ndikanawalalatira. Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuwavinira.

Anavula jekete, n'kundipatsira ngati ndine msomali. "Amake Exildah, uzani anthu ataliketalike." Anaika makina pansi, phazi pachogwirira, anasolola choko chothandiza kuliza injini, n'kukoka chingwe. Bruu, zii. Anakokanso. Makina anatsokomola ngati nkhalamba ya fodya, n'kukhala chete. Anakoka, anakoka, thukuta kuyenderera m'shati yoyera yomwe ndinasita ndi manja angawa. Anthu anayamba kunong'onezana. Wina kumbuyo anati, "Kapena anawagulitsa zakufa ku Lusaka."

"Zakufa n'ziti? Dzana zinalira!" anakalipa a Everisto. Anatsegula chitsekero cha petulo, ananunkhiza, n'kukhuthulira zonse m'botolo loyera la dirinki. Anakweza botololo kudzuwa. Pamwamba petulo wofiira, pansi madzi mbee, atakhazikika bwinobwino.

Amuna anga sakwiya kawirikawiri, koma apa misempha ya m'khosi inatuluka. "Ndani? Ndani wathira madzi m'makina anga? Atuluke, ndimuone nkhope lero!"

Zenera la kanta linatsika pang'onopang'ono. "Ndine, mwanangu," anatero amai, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. "Kwathu bwato latsopano sitiwaza kunja, kunja kuli kale madzi. Timathira m'kati. Ndiye ndinatsegula kachitsekero, kuti dalitso lifike pamtima penipeni."

Mayo ine! Kwathu kuno mkamwini sakweza mawu kwa apongozi ake, ngakhale kuwayang'ana m'maso sayerekeza. Ndinaona ukali wonse uja ukusowa kotulukira. A Everisto anatsegula pakamwa, anatseka, anavula chipewa, n'kugwada pamchenga pafupi ndi ndowe za njovu. Anaomba m'manja mwaulemu, phu-phu-phu.

"Zikomo amai," anatero. "Lafikadi."

Kanta yonse inaphulika. A Lawrence anagwira thayala kuti asagwe. Ine ndinaluma jekete ija, misozi ili mbwe-mbwe. Amai okha ndiwo anagwedeza mutu mokhutira n'kukwezanso zenera.

Koma dzuwa silinkaseka nafe, linkangokwera. A Everisto anayamba kupupuluma, sipanala inawapulumuka kawiri. Pamenepo chitseko chinatseguka, Exildah n'kutsika, atakwinya diresi mpaka m'mawondo.

"Iwe, bwerera! Uda!" ndinakuwa.

Sanandimve n'komwe. Ananjuta pafupi ndi atate ake. "Atate, musathamange. Tiyambe ndi pulagi."

Anamasula pulagi, yonyowa ngati yatoledwa mu Zambezi. Exildah anaipukuta ndi mpango wa m'thumba la atate ake n'kuiika pamwala wotentha. A Everisto anatsukuluza thanki ndi petulo wa m'chigubu, anakhuthula, anatembenuza makina n'kukoka chingwe mobwerezabwereza mpaka timadontho tonse titalavulika. Anathira petulo watsopano, n'kupopa kampira ka petulo kufikira kataonetsa zofiira zokhazokha. Ndiye anabwezera pulagi, anaonjezera oyilo wa tcheni. Amai ankangopita ndi korona wawo m'kanta.

Anakoka koyamba, chete. Kachiwiri, chifuwa. Kenaka bwaaa! Utsi woyera kuti tolo, mbalame zonse za m'chigwa kubalalika. Makina ankafuna kuzimanso, koma a Everisto anapotokola kasikuluwu pang'ono, khutu lili pafupi, mpaka kulira kunawongoka. Nthungululu zomwe zinamveka apo, njovu zija ziyenera kuti zinakafika ku Mozambique.

Utuchi unauluka. Anayamba ndi nthambi, amuna n'kumakokera kumbali. Pakati pa ntchito anazimitsa, anthu n'kuti haa, yafanso. "Tcheni yatsopano imatamuka ikatentha," anatero, akumanga mwachangu, ndipo mwana wawo anali atawapatsira kale sipanala asanapemphe. Thunthu lija analidula zidutswazidutswa, tsitsi ndi nsidze zili mbuu ngati agwera m'thumba la ufa.

Chinatsala chidutswa chimodzi pakati pa msewu, choti munthu mmodzi n'kugubuduza. A Everisto anazimitsa makina. A Lawrence analiza injini, anthu anakwera, Exildah anabwerera pampando wake. Koma amuna anga anangoima, dzanja lili pa chipikacho, osakankha.

"Atate ake Exildah, kodi mwagona? Nthawi!"

Sanatembenuke. Nditafika pafupi ndinaona mizere iwiri yonyowa ikutsika m'masaya, kudula utuchi uja.

"Amake Exildah," anatero chapansipansi, "ndikachotsa ichi, mwana uja wapita. Petauke n'kutali."

Chisoni chinandigwira, pakuti sabata yonse ndinkangoganiza za mpunga ndi mbuzi, osati za mawa lake pamene pakhomo padzakhale zii. Ndinawakonza kolala, n'kuwasansa utuchi paphewa.

Exildah anatulutsa mutu pazenera. "Atate, ndikuthandizeni?"

Anapukuta nkhope ndi mkono wa shati, n'kumwetulira. "Iyayi mama, khala momwemo. Ichi n'changa."

Anawerama, n'kuchigubuduzira m'chigwembe.