Mzere wa bambo a ana anga

Ine ndi masamu tinasiyana kalekale, ndipo sitinatsanzikane bwino. Koma akuluakulu a pachipatala atanena kuti anamwino tiphunzire kuwerengera mayankho a odwala, woyamba kulembetsa ndinali ine. Kunyumba kunkandiluma. Bambo a ana anga anali atangomwalira kumene, m'wodi momwe ndimagwira ntchito momwemo, ndipo ndikaweruka ndinkasowa chochita ndi manja angawa.

Tinkaphunzirira m'kachipinda ka kuseri kwa famase, momwe fani imangolira osatulutsa mphepo. Aphunzitsi athu tinawapatsa dzina loti a Kadontho, poti ukaiwala kadontho pa nambala ankagwira mutu ngati wawawotchera nyumba.

Ntchito yake ndi iyi. Mwezi ndi mwezi wodwala amafunsidwa: Mumatha kusamba nokha? Tulo mumagona? Ululu umakulepheretsani kuyenda? Yankho lililonse lili ndi nambala yake, ndiye timaphatikiza n'kupeza kuti moyo wa munthu uli pati pakati pa ziro ndi handiredi. Mafunsowa ine ndinkawadziwa pamtima. Malemuwo manja atayamba kunjenjemera, cholembera ndinkawagwirira ndine. Ankandiseka: "Mayi, la kusambali lembani kuti ndili ndi wantchito waukali."

Tsiku lina a Kadontho anatipatsa mayankho enieni a m'wodi mwathu, mayina atachotsa. Mzere uliwonse pakompyuta unali munthu mmodzi. Wa bambo a ana anga sindikanauzindikira, koma ndinkadziwa kuti ulimo.

Ndinapeza avereji ya mwezi uliwonse. Inkangokwera.

"Mwakhoza, asisita," anatero a Kadontho. "Ndiye tiuzeni, odwalawa akupeza bwino?"

Anzanga anali atayamba kale kugwedeza mitu. Ine ndinayang'ananso pakompyuta paja. Chakumanja kwa mizereyo, mabokosi ambiri anali opanda kanthu.

"Ayi," ndinayankha. "Odwalitsitsa aja anasiya kuyankha. Anatisiya."

"Eya, nkhani ili pamenepo. Kompyuta ikapeza bokosi lopanda kanthu imangolumpha. Otsalawo ndi amphamvu, ndiye avereji ilekerenji kukwera?"

Kuteroko imfa ya mwamuna wanga inakometsa manambala a wodi yathu. Zinandipweteka, abale, mpaka ndinaluma cholembera.

Kenako anatipatsa ntchito yokachitira kunyumba: aliyense asankhe chochita ndi mabokosi a omwalira. "Ena amaika ziro, ena amawasiya choncho n'kufotokoza chifukwa chake. Akale ankatenga yankho lomaliza la munthu n'kulikopera m'miyezi yonse yotsatira. Imeneyo musayerekeze, ndikulepheretsani."

Ziro? Munthu amene ankandiseketsa mpweya ukumuthera, ine ndimulembe ziro? Nanga kumusiya kuti kompyuta izimulumpha ngati chithaphwi? Ulendo womaliza umene ndinawagwirira cholembera, funso lotsiriza linali loti: Kodi muli ndi munthu womudalira mukavutika? Sanayang'ane n'komwe pepala. Anayang'ana ine n'kunena kuti, "Lembani kuti nthawi zonse."

Ndinakopera. Poti mzere wawo sindinkaudziwa, ndinakopera a omwalira onse, mzere ndi mzere, mpaka mabokosi onse anadzaza. Wodi yonse inakhalanso ndi anthu.

Mawa lake anzanga atatuluka, a Kadontho anandiuza kuti nditsalire. Iwo anali obwera, za maliro a kwathu sankazidziwa.

"Asisita, mutu muli nawo inu. Mwachitiranji dala? Njira imeneyi imanama. Imatenga munthu amene kulibe n'kumamuyesa ngati akadali momwe analili tsiku lomaliza."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Ndiye kakonzeni. Kungofufuta basi, si ntchito yoti n'kutuluka nayo thukuta."

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Masilipasi a bambo a ana anga anali pakhomo pomwe anawavulira, jekete lawo pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinaika laputopu patebulo n'kusunthira pambali kapu yawo, imene ndimaitsuka m'mawa uliwonse ngakhale palibe amamweramo.

A Kadontho sananame, kufufuta n'kosavuta. Chala chimodzi chimakwanira. Ndinayambira pamwamba kutsika m'munsi, ndipo pa mzere uliwonse ndinkayamba ndanena kuti, "Pepani bambo," poti sindinkadziwa kuti wawo ndi uti.